Za Oonera Masewero ku Zemba

Zemba ndi dera la midzi ya Acewa m'boma la Chadiza, kumwera kwa mzinda wa Chipata. Boma limeneli licita malire ndi dziko la Mozambique, ndipo dziko la Malawi nalo siliri kutali. Anthu ace ndiwo alimi a cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa, ndipo mfumu yao yaikulu ndiyo Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika. Mlendo wofika madzulo pa masitolo a m'madera otere amapeza anthu ataunjikana pa wailesi ya kanema yoyendera mphamvu ya dzuwa, kapena anyamata atazinga lamya imodzi ya m'manja. Cimene cimamdabwitsa mlendoyo ndi phokoso. Wina acenjeza mkazi wa m'sewero kuti mdani wace wabisala kuseri kwa citseko. Wina adzudzula mwamuna wotaya banja. Wina afotokozera agogo zimene zanenedwa m'Cingerezi, naonjezapo zace. Ena amayesa kuti khalidwe limeneli ndi umbuli wa anthu osazolowera makina. Koma mbiri isonyeza kuti ndi mwambo wakale ndithu, umene unalipo makinawo asanabwere, ndipo onse amene anayesa kulankhula kwa Acewa mwa sewero anakomana nao.

Mwambo wa kubvomera

Bwalo loyamba la masewero linali pa moto wa madzulo. M'nyengo ya cirimwe, dzinthu zitalowa m'nkhokwe, ana ndi akulu anali kusonkhana kudzamva nthano. Wokamba akayamba, omvera anali kuyankha kuti, "Tiri tonse," ndipo anali kubwereza mauwo pa mfundo iri yonse. Nyimbo ikafika pakati pa nthano, wokamba anali kutsogolera, onse nabvomera. Kuyankhako kunali ndi nchito yace. Kunali kuuza wokamba kuti anthu ali maso ndipo nkhani iwakomera. Mau akayamba kucepa iye anali kudziwa kuti tulo tapambana kapena nthano yazizira, ndipo anali kuifupikitsa. Akalakwitsa nyimbo kapena akalumpha cigawo, nchembere zinali kumkonza pomwepo. Motero mwana wa Mcewa anali kukula alikudziwa kuti nthano siya wokamba yekha.

Ku bwalo la Gule Wamkulu lamulo linali lomwelo. Zirombo zikatuluka ku dambwe, akazi ndiwo abvomera nyimbo naomba m'manja, ndipo gule wopanda obvomera sayenda. Oonera aseka, athawa, abwereranso, nafupa cirombo cobvina bwino. Gule yemweyo anali kupenya zocitika m'dziko nazibweza pamaso pa anthu. Azungu ndi amishoni atafika, pabwalo panaoneka Simoni wa nkhope yofiira, Maliya, ndi cirombo cofanana ndi galimoto. Amishoni anayesetsa kuthetsa Nyau, makamaka m'zaka za 1920 ndi 1930, koma sanathe. Ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalemba Gule Wamkulu wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pakati pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Anthu otere, ozolowera kuyankha nthano ndi kuseka Mzungu pabwalo lao, ndiwo amene Boma la atsamunda linafuna kuwaphunzitsa ndi zithunzithunzi zoyenda.

Zithunzithunzi za pa lole ndi za ku migodi

Kuyambira 1935 mpaka 1937 Azungu awiri, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, anapanga zithunzithunzi 35 ku Tanganyika. Anaziyendetsa pa lole m'maiko angapo, pamodzi ndi Northern Rhodesia ndi Nyasaland, amene tsopano ndi Zambia ndi Malawi, kuti aone ngati anthu akuda angaphunzire mwa kanema. Nkhondo yaciwiri itatha, m'caka ca 1948, kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit ku Salisbury, mzinda umene tsopano uchedwa Harare, kuti lipangire zithunzithunzi anthu a maiko awiriwa ndi a Southern Rhodesia. Zambiri mwa izo zinali za anthu awiri, wanzeru ndi wopusa. Wanzeru amvera mlangizi wa zaulimi nalemera. Wopusa akana nasauka. Cina codziwika cinali Mulenga Goes to Town, ca mnyamata amene anatumidwa kukagulitsa nkhuku ku tauni, nabwerako cimanjamanja. Phunziro lace linali lakuti mnyamata akhale kumudzi.

Magalimoto a Boma anali kuzungulira ndi zithunzithunzi zimenezi m'maboma a kumidzi. Nsalu yoyera inali kupacikidwa pabwalo, injini nilira, ndipo anthu anali kubwera kucokera kutali. Popeza zoyambazo zinalibe mau, munthu mmodzi anali kuima pambali kumasulira m'cinenero ca anthu. Apa ndipo panagona bvuto la eni kanema. Womasulirayo anali ngati wokamba nthano, ndipo anali kuthirapo zace kuti anthu akondwe. Oonera nao anali kuseka pamene Mzungu sanafune kuti aseke, ndipo nthawi zina wopusa wa m'cithunzi ndiye anali kuwakomera koposa wanzeru. Panalinso cina. Mlimi wa m'dera la Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, anadziwa kuti dziko lalikulu linatengedwa ndi North Charterland Exploration Company, minda yabwino nipatsidwa kwa Azungu olima fodya, eni dziko napanikizidwa m'malo ocepa. Munthu wotere sakanabvomera msanga kuti umphawi wace unadza ndi kupusa.

Amuna ambiri a kum'mawa anali kupita kukagwira nchito ku migodi ya mkuwa ndi ku Southern Rhodesia, ndipo kumeneko anaona kanema wa mtundu wina, amene anali kumucha bayasikopo. M'zaka za 1953 ndi 1954 mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya kufufuza za moyo wa anchito a pa mgodi wa Roan Antelope. Anatuma omthandiza ace, amene anali anthu akuda, kuti akakhale pakati pa oonera ndi kulemba zonena zao, ndipo zimenezo anaziika m'buku lace la Copper Town la 1962. Kanema anali kuonetsedwa panja, pamaso pa khamu lalikulu. Cimene anthu anakonda koposa cinali ca oweta ng'ombe a ku America, okwera pa akavalo, ndipo ngwazi ya cithunzi ciri conse cotere anali kuicha Jack. Ndeu ikabuka, amuna anali kuimirira, kupfuula ndi kuponya nkhonya m'mwamba. Mwamuna ndi mkazi akapsompsonana, ambiri anali kuona kuti ncamanyazi kucita zotere poyera, nakambirana za makhalidwe a Azungu. Nkhani za Boma zikaoneka, anali kulinganiza cuma ca Azungu ndi umphawi wa eni dziko.

Boma linali ndi bungwe lodula zithunzithunzi zoonetsa anthu akuda, kuopa kuti angaphunzire kuba kapena kupeputsa Mzungu. Kudulako kunali kuononga nkhani, ndipo mau a Cingerezi sanali kumveka m'phokosomo. Tsono oonera anali kulumikiza okha zidutswazo, wina kuuza mnzace, napanga nkhani yaoyao. Boma linatha kusankha zimene anthu aone, koma linalephera kulamula zimene anenepo. Obwerera kumudzi anadza nazo nkhani zimenezi pamodzi ndi njinga ndi mabulangeti, nazisimba pa moto kwa amene sanafikeko.

Wailesi ndi makalata

Wailesi ya Boma inayamba ku Lusaka m'caka ca 1941, kuti iuze anthu za nkhondo. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anaikuza kuti ikhale Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a maiko atatu aja m'zinenero zao, ndipo Cinyanja cinali cimodzi mwa izo. Popeza mawailesi anali okwera mtengo, iye anapangana ndi kampani ya Ever Ready ya ku England kuti ipange wailesi imene wanchito wamba angaigule. Inafika m'caka ca 1949, yooneka ngati poto wa buluu, ndipo anaicha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire lace masheleni 25. Aphunzitsi, amasitolo, mafumu ndi obwera ku migodi anaigula, ndipo khonde la mwini wailesi linasanduka bwalo la mudzi wonse.

Omvera sanathe kupfuulira woulutsa mau amene anali kutali ku Lusaka, tsono anatenga pensulo. Makalata anali kufika ambirimbiri, ena opempha nyimbo, ena opereka moni kwa abale a kutali, ena otsutsa zonenedwa. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito kumeneko, anasimba zimenezi m'buku lace la Wayaleshi la 1959. Anasimbanso za masiku oipa. Pamene Azungu anali kukakamiza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'caka ca 1953 eni dziko asakufuna, wailesi inaulutsa mau a Boma, ndipo omvera anaiweruza. Kunabuka mbiri yakuti oulutsa mau agwirizana ndi oyamwa magazi a anthu, amene ku migodi anali kuwacha banyama, kotero kuti ngakhale woimba wokondedwa Alick Nkhata anakhala mwamantha. Mbiriyo inali yabodza, koma inasonyeza kuti anthu anazindikira kuti liu lokoma la m'wailesi lingathe kugwirira nchito mdani wao.

Oulutsa mau ena anadziwa bwino makutu a anthu ao. Andreya Masiye, m'pologalamu yace ya Cinyanja yochedwa Kabvulumvulu, anali kusankha nyimbo, miyambi ndi nthano zimene Mzungu woyang'anira anaziyesa zakale cabe, koma omvera anali kumvamo za ufulu. Mau ophiphiritsa otere akanapita pacabe omvera akanakhala osadziwa kumasulira okha.

Ufulu utabwera m'caka ca 1964, Cinyanja cinapeza katswiri wina. Kuyambira 1966, kwa zaka ngati 10, Julius Chongo anali kuulutsa masewero ace m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo. Iye yekha anali kulankhula mau a onse, a nkhalamba, a namwali, a kalulu ndi a fisi, ndipo anali kutenga nthano zakale naziika m'moyo watsopano wa midzi ndi matauni. Pambuyo pace Ernst Wendland anawasonkhanitsa masewerowo nawasindikiza. M'madera a kumalire anthu anali kutsegulanso wailesi ya ku Malawi kuti amve sewero la Kapalepale. Omvera anali kucita nao masewerowa monga anali kucitira ndi nthano za pa moto: kuseka, kudzudzula, ndi kuweruza mlandu wace m'mawa mwace ku citsime ndi kumunda.

Televizyoni ndi cikwakwa

Wailesi ya kanema, imene ena aicha televizyoni, inayamba ku Kitwe m'caka ca 1961. Inali ya kampani, ndipo inali kuonetsa makamaka masewero a ku England ndi America kwa Azungu a pa migodi. Inafika ku Lusaka mu 1965, ndipo Boma linaitenga mu 1967. Kwa zaka zambiri inakhala cinthu ca m'tauni, popeza inali kufuna magetsi ndi ndalama zambiri.

M'masiku omwewo, m'caka ca 1969, ophunzira a pa University of Zambia pamodzi ndi mphunzitsi wao Michael Etherton anayamba Chikwakwa Theatre. Dzinali analitenga ku cikwakwa cochechera udzu, popeza bwalo lao linali la panja, lolambulidwa ndi manja ao. Colinga cao cinali kutenga sewero kupita nalo kwa anthu m'zinenero zao, ndipo m'zaka za 1970 anayenda m'zigawo za dziko. M'nyumba za masewero za Azungu oonera anali kukhala cete mumdima kufikira kumapeto, nayamba kuomba m'manja. Kumidzi ophunzirawo anapeza oonera olowerera, oyankha ndi oimba nao. Amene anadza pambuyo pao ndi masewero ophunzitsa za umoyo ndi za ulimi anasandutsa cimeneci njira yao ya nchito: aimitsa sewero pakati, nafunsa anthu kuti wolakwa ndani, ndipo mlanduwo uthe bwanji. Cimene eni kanema wa pa lole anaciyesa bvuto, awa anaciona kuti ndico mphamvu ya sewero.

Mpikisano wa caka ca 2003

M'caka ca 2003 kunadza coonera ca mtundu watsopano, ca anthu enieni opikisana pamaso pa dziko. Kampani ya M-Net ya ku South Africa inatsekera anyamata ndi atsikana 12, ocokera m'maiko 12, m'nyumba imodzi ku Johannesburg kwa masiku 106, makamera alikuwajambula usana ndi usiku. Mpikisanowo unachedwa Big Brother Africa. Oonera ndiwo anali kusankha, potumiza mau pa lamya, amene atuluke ndi amene atsale. Kale munthu akapfuulira Jack kuti aceuke, Jack sanali kumva; tsopano mau a oonera anali kusintha zocitika m'nyumbamo.

Wailesi ya kanema ya Boma, ya ZNBC, inali kuonetsa zigawo za mpikisanowo. Akulu a mipingo ku Zambia anadandaula za kumwa, za umalisece wa posamba ndi za cisembwere, napempha kuti uletsedwe. Ku Malawi, kumene televizyoni ya dziko inali itangoyamba mu 1999, Nyumba ya Malamulo inauletsa m'mwezi wa Ogasiti, koma Bwalo Lalikulu la milandu linacotsa ciletsoco posacedwa. Pa 7 Seputembala wopambana anali Cherise Makubale wa ku Kitwe, amene analandira madola 100,000 a ku America. Anthu anamkonda cifukwa anali kuphika, kusesa, kuyanjanitsa okangana ndi kudzisunga. Pobwera kwao analandiridwa ndi khamu, ndipo Pulezidenti Levy Mwanawasa anamyamikira poyera.

M'midzi yonga ya ku Zemba ambiri sanauone mpikisanowo ndi maso, popeza magetsi ndi makanema zinali zosowa. Anaumva pa wailesi ndi kwa obwera ku tauni. Koma phunziro lace liwakhudza. Atsogoleri a 2003 anaopa cimene anaopa Azungu a bungwe lodula zithunzithunzi, kuti woonera ali ngati mwana wongomeza ciri conse cimene ampatsa. Nkhawa yao siinali yopanda pace, pakuti m'nyumbamo munacitikadi zocititsa manyazi. Koma oonera, atapatsidwa mphamvu ya kuweruza, anasankha amene anaona kuti ali ndi mwambo.

Masiku ano

M'caka ca 2002 Mike Daka anayamba wailesi ya Breeze FM ku Chipata. Woulutsa mau wace wochuka, Grayson Mwale, anadziwika ndi dzina lakuti Gogo Breeze. Iye anali kuwerenga makalata a madandaulo a anthu a kumidzi, kufufuza milandu yace, ndi kusimba nkhani zophunzitsa. Omvera anali kumucha agogo, iye nawacha adzukulu. Harri Englund analemba buku la nchito yace m'caka ca 2018. Wailesi ya pafupi yotere inabweza cimene cinasowa m'masiku a Lusaka, ndico cakuti wokamba amve kuyankha kwa omvera ace.

Magetsi a dzuwa ndi mbale zokolera zithunzi kumwamba zafikitsa masewero a m'tauni m'midzi yambiri. Sewero la Mpali, limene linayamba pa Zambezi Magic m'caka ca 2018, lisimba za Nguzu, mlimi wolemera wa mitala, ndi mikangano ya akazi ace. Kwa Mcewa, wozolowera kuti nkhani ya banja ipita kwa ankhoswe ndi kwa atsibweni, sewero lotere ndi mlandu woti auweruze, ndipo wina aima ndi mkazi wamkulu, wina ndi wamng'ono. Ku Malawi anyamata aika mau a Cicewa pa makanema a ku China, India ndi America. Satsata mau ndi mau, koma athirapo nthabwala ndi maina a kwao. Womasulira wa pa lole uja wabweranso, ndipo tsopano alibe Bwana womuyang'anira.

Koma pali cinthu cimodzi catsopano cimene makolo ayenera kucipenyetsetsa. Nthano, gule, kanema wa pa lole, wailesi ya poto ndi televizyoni ya pa sitolo, zonsezi zinali kuoneredwa kapena kumvedwa pagulu. Mwana akaona coipa, pafupi panali wamkulu wocidzudzula; akaona cabodza, panali wina wociseka; akalephera kumva, panali womasulira. Cimene cinachinjiriza anthu kwa zaka zonsezi cinali gululo, pakuti ziletso za Boma, za mishoni ndi za Nyumba ya Malamulo sizinakhalitse. Lamya ya m'manja ndiyo yoyamba kulola mwana kuonera yekha, m'nyumba mwa mdima, tomvera tiri m'makutu, popanda womfunsa cimene waona. Ndiponso opanga zimene aonerazo ali kutali, ku Lusaka, ku Lagos, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, kumene mau a ku Zemba safika.

Akale anati mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace phokoso la oonera la pa masitolo madzulo siliyenera kucititsa munthu manyazi pamaso pa mlendo. Agogo amene akhala pansi pamodzi ndi adzukulu, nafunsa kuti uyu ndani, walakwanji, ndipo kwathu kuno mlandu wotere ukanatha bwanji, acita nchito yomwe zinali kucita nchembere za pa moto. Nchito imeneyo ikalekeka, mwana adzaona zambiri koposa makolo ace onse, koma sadzakhala ndi womyankha kuti ali naye pamodzi.